Thumba Lako Lapyola Muyeso, Zelipa

Kanyama, Lachitatu, 6 Ogasiti

Katundu wa Zelipa wopita naye ku phiri, kulemera kwake m'magalamu:

Thumba lenilenilo, lopanda kanthu: 1,300
Thumba logonamo, lobwereka: 2,100
Jekete la nthenga: 1,250
Kamphasa ka siponji kogonapo: 900
Majuzi a ubweya awiri: 1,150
Zovala zam'kati zofunda, mapeya awiri: 800
Mathalauza atatu: 1,400
Malaya anayi: 700
Sokosi, mapeya asanu ndi limodzi: 600
Magolovesi, chipewa, sikafu: 450
Nsapato zopumuliramo: 650
Tochi ndi mabatire: 350
Sopo, thaulo, mafuta, mankhwala: 1,200
Mtedza wokazinga ndi masiwiti: 1,000
Zitenje ziwiri: 550
Nsalu ya mayina: 1,800

Zonse pamodzi: 16,200
Zololedwa: 15,000
Zapyola: 1,200

Zelipa mwana wanga,

Ndikulemba masana ano iwe uli ku kiliniki kukatsanzika anzako. Mawa m'bandakucha ukwera basi ya ku Nakonde, kuchoka kumeneko uwolokere ku Tanzania, ukakwere phiri la Kilimanjaro. Ndikanatha kudikira kuti ubwere tilankhulane pakamwa, koma iwe ndi ine tinafanana poipa: aliyense amangodikira kuti mnzake apume mpweya kuti amukonze. Pepala sungalidule mawu. Uliwerenge lonse, usadumphe mzere monga unkachitira ndi mafunso aatali a samu.

Manambala ali pamwambawo ndi oona. Ndinabwereka sikelo ya bana Mulenga, mayi uja wa pamsika, ija amayezera nyemba, ndipo ndinayamba ndaiyesa ndi paketi ya shuga ya m'sitolo, poti sikelo ya pamsika imakonda mwini wake. Pepala limene anakutumizira okutsogolerani likunena kuti munthu wonyamula thumba lako sadzalandira choposa makilo khumi ndi asanu. Iyenso ndi mwana wa mzimayi wina, msana wake ndi umodzi. Choncho china chake chiyenera kutsala.

Dzulo unanena uli chiimire, ukumanga tsitsi, kuti, "Amayi, chotsani chabe juzi imodzi na vamukati vimodzi, vizakwana. Nsalu yeve siingasale." Nsaluyo ndikuidziwa, nanenso ndinasokako. Ndi mamita atatu a nsalu yokhuthala ndi timitengo tiwiri, ndipo amayi a mumpingo anasokapo ndi ulusi mayina a onse amene anasonkha ndalama zomangira nyumba yodikiriramo amayi apakati ku kiliniki kwanu. Unawalonjeza pamaso pa mpingo wonse kuti ukaitambasula pansonga penipeni pa phirilo n'kujambulitsa. Kuyambira tsiku limenelo sindigona bwino. Phirilo sindiliopa kwambiri. Ndikuopa iwe, chifukwa ndikumudziwa amene anakulera. Ndikuopa kuti thupi likadzakuuza kuti bwerera, iwe udzakumbuka mayina aja n'kupitirira. Kalata yonseyi ndi ya zimenezo, ngakhale ndiyamba ndi mapazi.

Tsiku langa loyamba la uphunzitsi ndinavala nsapato zatsopano. Ndinazigula dzulo lake, zakuda, zonyezimira, ndipo ndinagona zili kumutu kwa bedi. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Matero, sukulu inali ku George, ndipo ndinati ndiyende wapansi kuti anthu azione. Ndisanafike theka la njira zidendene zinali zitatuluka matuza, pofika pa geti matuzawo anali ataphulika. Sabata yonse yoyamba ndinaphunzitsa nditakhala pampando, mapazi m'mapatapata pansi pa tebulo, ndipo a hedimasitala anandiyesa waulesi mpaka chaka chinatha. Nsapato yatsopano sidziwa phazi la mwini wake. N'chifukwa chake ndinakukakamiza kuvala jombo zako popita ku ntchito masabata onsewa, ngakhale anyamata a pa siteshoni ankakukuwiza kuti, "Ba sista, mwalowa usilikali?" Asiye aseke. Jombozo mawa uzivale m'basi, usaziike m'thumba. Thumba likhoza kusokera pa malire. Jekete ukhoza kubwereka kumeneko, koma jombo zodziwa phazi lako palibe angakubwereke. Uwenge zikhadabo za kumapazi madzulo ano, poti potsika zala zimagunda kutsogolo kwa nsapato tsiku lonse.

Za sokosi sindifunika kukuphunzitsa zambiri, unakulira m'Kanyama. Ukukumbuka mvula ija madzi analowa m'nyumba mpaka m'mawondo, ine n'kumapitabe ku sukulu nditavala mapulasitiki m'kati mwa nsapato? Ndinkaganiza kuti ndachenjera. Madzi a panja sanalowe, koma thukuta silinatuluke, ndipo khungu la pakati pa zala linasenda ngati mbatata yophika. Phazi lonyowa ndi lonyowa, kaya madziwo achokera kuti. Peya imodzi ya sokosi ndaimanga payokha, ndalembapo kuti ZOGONERA. Usayendere imeneyo ngakhale zina zonse zitanyowa. Zonyowazo uzizigoneka pamimba m'kati mwa thumba logonamo, zidzauma ndi kutentha kwako.

Chaka chimene unabadwa ndinatsala pang'ono kukusiya wamasiye chifukwa cha kavalidwe. Anamwalira azakhali a atate ako ku Mtendere, mwezi wa Juni. Poopa kuzizira kwa pamaliro ndinavala zonse ndisanachoke panyumba: diresi, juzi, chijasi cha atate ako, zitenje ziwiri, iwe kumsana. Maminibasi anasowa tsiku limenelo, ndinayenda wapansi gawo lalikulu la njira. Ndinafika thukuta lili kamukamu, diresi la thonje litamatirira pamsana. Kuvula sindikanatha, m'nyumba munali anthu tho. Ndinagona pa simenti ndi diresi lomwelo, ndipo pofika m'bandakucha linali ngati nsalu yoviika pachitsime. Maliro asanaikidwe n'komwe ndinali ndi chibayo. Masabata atatu ndinagona m'chipatala, iwe ukulira pamsana pa mlamu wanga.

Tamvera tsono. Kuzizira sikugwira msanga munthu wouma, kumagwira wonyowa ndi thukuta lake lomwe. Thonje limamwa madzi n'kuwasunga. N'chifukwa chake jinzi lako ndinalichotsa ndisanayambe n'komwe kuyeza, ulipeza pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo usalibwezemo. Uzivala monga chimanga chivalira makoko, zopyapyala zambiri, china pamwamba pa chinzake: zam'kati zofunda pakhungu, kenako malaya, juzi, jekete pamwamba. Uzivula chimodzi usanayambe kutuluka thukuta, uzivala chimodzi usanayambe kunjenjemera. Mukaima kuti mupume, vala nthawi yomweyo, usadikire kumva kuzizira. Zitenje ndi za pamalo ogona, zotsamira, ndi zodzitchingira ukafuna kudzithandiza pamalo opanda chitsamba. Poyenda zisakhudze khungu. Majuzi ndi awiri chifukwa imodzi ikhoza kunyowa. Zam'kati n'ziwiri pa chifukwa chomwecho. Zimene unati ndichotse zija ndi zimenezi, Zelipa. Uganizirepo.

Unandifunsa chifukwa chake jekete la mvula linali lobiriwira pogula koma tsopano ndi lofiira, ndipo ndinakuyankha kuti maso ako ayamba kukalamba. Lobiriwira lija ndinaliwononga ine. Nditabwera nalo kuchokera ku salaula, kumsika wa zovala za kaunjika, ndinalichapa ndi madzi otentha, ndinaliyanika panja, kenako ndinatenthetsa simbi. Moyo wanga wonse chovala chilichonse choyanika panja ndimachisita, ngakhale matewera, kuopa mphutsi zija zimalowa pakhungu. Palibe mwana wanga amene anatulukapo mphutsi, ndipo ndinkanyadira. Simbi itangogunda pamsana pa jeketelo panamveka fungo la pulasitiki yopsa, simbiyo n'kunyamuka ndi chigamba. Ndinabwerera nalo kwa mayi amene anandigulitsa. Analitambasula, n'kundisuzumira pa bowopo ngati pa windo.

"Ba mayo, mwaichita chani jekete yanga?"

"Ndasita," ndinatero.

"Mwasita! Imwe bantu, bwelani muone! Ba mayo, na ambulela mumasita?"

Mzere wonse wa ogulitsa unaseka, nanenso ndinaseka. Koma m'minibasi pobwerera ndinalira, chifukwa ndinaona kuti nzeru zimene ndinalerera nazo ana m'Kanyama zikhoza kukupweteka kumene ukupitako. Lofiirali ndinalithira kapu ya madzi pomwepo ndisanalipire, madziwo anagubuduka ngati patsamba la nthochi. Usalichape, usaliyandikize ku moto. Pa mndandanda wanga mulibe chifukwa malo ake si m'thumba lalikulu. Likhale m'kachikwama kako kakumsana tsiku lililonse, ngakhale kumwamba kuyere bwanji, poti wonyamula thumba adzakhala kutali patsogolo pamene mvula idzakupeza.

M'thumbamo chilichonse ndachimanga m'pulasitiki yakeyake ndi kulembapo, kuti usamakhuthule zonse pofuna chimodzi. Za kumwezi ndaikamo ngakhale unati si nthawi yake. Ulendo umasokoneza masiku, ndipo kumeneko kulibe kantemba, kagolosale kothamangirako. Thumba logonamo sindinalichape, simbi ija inandiphunzitsa, ndangoliyanika pamthunzi. Uzilowamo ndi zovala zouma zokhazokha, chipewa kumutu. N'lobwereka, inde, koma usadzavutike nalo mtima koposa muyeso. Mkono wanga wamanzere uwu umene umandiuza za mvula mvula isanabwere, ndinauthyola pothamangira ambulera ya eni ake imene mphepo inandilanda pa mlatho wa ngalande. Ambulera ndinaigwira, mkono ndinavala pulasitala. Chinthu chikagwera kuphedi, kaya ndi foni, kaya n'cha yani, uchiyang'ane chikupita. Tidzalipira.

Tinthu ting'onoting'ono ndiye timene munthu amanyoza. Magalasi akuda uzivala, usati n'zachizungu. Atate ako tsiku lina anaima pamsewu kuonerera owotcherera zitsulo, akuti iwo maso awo ndi olimba. Usiku wake analira ngati wina wawathira mchenga m'maso, ine n'kumawaseka uku ndikuwaika masamba a tiyi ozizira. Ndawerenga kuti kuwala kwa dzuwa pa madzi oundana a pamwambapo kumachita chimodzimodzi. Mafuta oteteza ku dzuwa uzidzola kumaso, m'milomo ndi m'makutu. Khungu lakuda nalonso limapsa, limangochedwa kudandaula. Mabatire ndi foni zizigona nawe m'thumba logonamo, kuzizira kumazimwa mphamvu. Botolo la madzi tsiku lokwera pansonga likhale m'kati mwa jekete, apo ayi madziwo adzaundana, udzanyamula mwala. Uzimwa ngakhale ulibe ludzu, uzidya ngakhale chakudya sichikukoma, mtedza ndauthira mchere wambiri dala. Ine phiri lalitali limene ndinakwerapo ndi la kwathu ku Katete, pokatola masuku ndili mtsikana, choncho zonsezi n'zowerenga ndi zofunsa. Pamene mawu anga asiyana ndi a okutsogolerani, umvere iwo.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira. Za mlongo wako Filipo iwe ndi ine sitinalankhulepo, ngakhale unalipo. Unali ndi zaka khumi ndi zisanu. Iye anali atapeza ntchito ya ulonda pa nyumba yosungira katundu kumafakitale, ndipo kanyumba ka alonda kanali ka malata, mipata yokhayokha. Atadandaula za kuzizira, ine ndinachita zimene mayi amachita. Ndinamugulira mbaula yaing'ono. Ndinamupatsa makatoni a choko a ku sukulu kuti atseke mipata yonse, ndi bulangete lakale loti atchinge pansi pa chitseko. Makala ndinkamugawira a usiku umodziumodzi m'timapulasitiki. Zonse zimene zinamupha zinachoka m'manja mwanga zitakonzedwa bwino.

M'mawa uliwonse ankabwera akudandaula mutu. Ndinati ndi tulo. Kenako ndinati mwina wayamba mowa, ndinkamununkhiza mobisa pomupatsa tiyi. Madzulo a tsiku lomaliza anakhala pakhonde apo atagwira chipumi, yunifomu ili pamwendo. Iwe unkatsuka mbale pafupi ndi mgolo.

"Amayi," anatero Filipo, "mutu uniwawa maningi. Lelo nisapite."

"Mutu si matenda," ndinatero. "Anzako angati akuifuna ntchito imeneyo? Ukajomba lero, mawa apeza wina."

"Nimvela monga nizasanza."

"Imwa awiriwa. Munthu amamaliza chimene wayamba."

Anamwa mapiritsiwo. Ndinamusitira yunifomu. Ananyamula kapulasitiki ka makala, ndipo ali pa geti anakuuza kuti, "Zeli, unisungileko ndiwo." Anamupeza m'mawa atakhala pampando, chipewa kumutu, tochi pamwendo, ngati munthu amene akuganiza. Adokotala anati ndi mpweya woipa wa makala m'chipinda chotseka, ndi kuti mutu wa m'mawa uliwonse uja unali chenjezo. Lute, mwana wanga woyamba, chikuku chinamutenga asanayambe kuyenda, ndipo pamenepo ndinalibe chochita. Koma Filipo thupi lake linanena zoona masiku onsewo, ndipo pakamwa pake pananena zoona madzulo amenewo. Amene anakana kumva ndine.

Ziwiri ndikufuna utengepo. Choyamba n'chapafupi: moto usalowe m'tenti. Kaya ndi kasitovu, kaya ndi makala, kaya mnzako akulira ndi kuzizira, ayi. Kazenera ka mpweya ka tentiyo kakhale kotsekula ngakhale kuzizire bwanji. Wogona mozizidwa m'mawa amadzuka.

Chachiwiri ndicho chandilembetsa. Mawu aja ndinauza Filipo sanagwe pansi, unawatola ndiwe. Ndinakuona ukulemba mayeso omaliza a ku sekondale uli ndi malungo, ndinakunyadira. Ndinakuona ukugwira ntchito ya usiku mimba ya Chisomo itatsala masiku, mapazi atatupa, ndinauza anthu kuti mwana wanga sagonja. Tsiku limene bambo a Chisomo ananyamula sutikesi yawo, m'mawa mwake unasita yunifomu n'kupita ku kiliniki, maso ouma. Ndinakulera kuti ukhale munthu wosanena kuti zandikanika, ndipo ndinakwanitsa. Zaka makumi atatu ndi zinayi za uphunzitsi ndinkalemba m'makope a ana ndi inki yofiira kuti maliza ntchito yako. Lero ndikufufuta ndi dzanja lomwelo. Pali ntchito zina zofunika kuzisiya pakati.

Pepala la okutsogolerani likunena, ndipo iwe namwino ukudziwa kuposa ine, kuti pamwambapo mpweya umachepa, ndi kuti matenda a kumeneko amayamba ndi mutu. Mutu wosamva mankhwala, kusanza, kuyenda dzandidzandi ngati woledzera, kubanika ngakhale utakhala pansi. Mankhwala ake enieni ndi amodzi, kutsika. Sasankha wamphamvu kapena wofooka, ndipo wothamanga ndiye amamupeza msanga. Choncho uziyenda ngati ukundiperekeza ine ku tchalitchi. Mapiritsi a mutu ndaikamo. Ukamwa, uuze wokutsogolerani kuti wamwa. Usamwere kuseri. Ndipo akakufunsa m'mawa kuti wadzuka bwanji, usayankhe monga timayankhira kuno, kumene munthu amati bwino ali pa machira. Kumeneko si moni, ndi funso, ndipo yankho lako ndi limene lidzamuuze chochita nawe. Anamwino mumadziwa kufunsa odwala, koma kuyankha simudziwa.

M'mawa uno, pokabwereka sikelo, ndinakhala pa benchi ya bana Mulenga, poti ndiwo amatsogolera amayi amene anasoka nsalu ija. Ndinawauza kuti ndikuganiza zoichotsa.

"Ba ticha, mukamba chani? Miyezi iwili tisoka! Ine maso yanasila na kutunga nsingano."

"Yalemera," ndinatero.

"Yalemela? Ni zina yanga yalemesa? Chosanipo ya bana Bwalya, ni itali maningi, na ndalama banapasa zing'ono."

Ndinaseka pang'ono, kenako ndinawauza za matenda a mutu a kumeneko, ndi za Filipo. Iwo analipo pa maliro aja, ndiwo anandigwira nditagwa pa geti. Anapitiriza kusankha timiyala mu nyemba.

"Manje uja mwana wanu," anatero, "ngati adwala kumwamba kuja, angabwelele?"

"Ndi mayina anu kumsana sangabwerere."

"Mwandi, ni zoona. Anatengela imwe." Anakutumula m'manja. "Muuzeni so. Ndalama tinapasa ni za bazimai ba mimba, si za phili. Afike, asafike, nyumba tizamanga. Nsalu tizaikoloweka pa chipupa nyumba ikasila. Ngati afuna foto, tizamukweza pa mulu wa mchenga wa bomanga, agwile nsalu, ise tiimbe. Koma abwele na mendo yake. Maliro tatopa nayo mu komboni muno."

Ndalemba monga ananenera, sindinakonze ngakhale liwu limodzi, ndipo ukudziwa kuti kwa ine zimenezo n'zovuta. Anawonjezera kuti Lamlungu adzaimirira okha mumpingo kunena zomwezo, kuti ukadzabwera pasadzakhale wokufunsa ndi maso.

Choncho nsalu ndaichotsa. Sindinaibise, sindine wakuba. Ndaipinda, ili pa bedi langa. Ndiwe mayi wa mwana, wazaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ukhoza kulowa n'kuitenga ndipo sindidzakugwira dzanja. Usanene kuti uinyamula wekha m'kachikwama. Mmenemo muli kale malita atatu a madzi, jekete la mvula ndi chakudya, ndipo tsiku lokwera pansonga palibe adzakusenzere. Koma ngakhale ikanakhala yopepuka ngati duku, ndikanapemphabe kuti itsale. Ndikufuna ukwere phirilo uli wekha, osati ndi Kanyama yense pamsana. Ukafika pansonga, ndidzauza aliyense mpaka adzatope nane. Ukabwerera panjira, ndidzauza aliyense chimodzimodzi, ndipo mokweza mawu koposa, chifukwa udzakhala utachita chimene ine sindinalole mwana wanga kuchita.

Za Chisomo usade nkhawa. Yunifomu, homuweki, tsitsi Loweruka, zonse ndikwanitsa. Masiku khumi ndi awiri ndikwanitsa. Zaka khumi ndi ziwiri sindingakwanitse, Zelipa. Mawondo anga ukuwadziwa, ndipo shuga wanga umandiyeza ndiwe. Dzulo ndikumusambitsa anandifunsa ngati pamwamba pa phiri pali pafupi ndi kumene kuli a Filipo, amalume ake. Ndinamuyankha kuti ayi, n'kutali kwambiri, amako sakafikako. Usandisandutse wabodza kwa mwana.

Mawa sindikuperekeza ku siteshoni. Ndikalira pamaso pa anzako, iwe n'kulimba mtima kuti undilimbitse, pamene kulimba mtimako ndiko ndikupempha kuti ukusiye kuno pamodzi ndi jinzi. Tidzapemphera pakhomo, kenako upite. Jombo kumapazi. Moto kunja kwa tenti. Akakufunsa, unene zoona. Mutu ukakana mankhwala, tsika, mwana wanga, tsika nthawi yomweyo, usadikire kuti kuche, usafunse kuti kwatsala mtunda wotani.

Pamalo pamene panatsala ndaikapo sokosi zina ndi magolovesi okhuthala ovala pamwamba pa aja. Ndayezanso kawiri.

Poyamba: 16,200
Kuchotsa nsalu ya mayina: 1,800
Zotsala: 14,400
Kuwonjezera sokosi, mapeya awiri: 200
Kuwonjezera magolovesi okhuthala: 150
Zonse pamodzi: 14,750
Malo otsala: 250. Usaikemo kanthu.

Ana amene ndinabala: 3
Amene ndinaika m'manda: 2
Wotsala: 1

Pa samu iyi usandichotsetsenso.

Ndine amako,
Esinati Mbewe